Mafunso a Owerenga: Akuti wachira, nanga bwanji akunena zotsanzikana?

Mwezi uno talandira makalata angapo okhudza matenda a maganizo a mtundu umene madokotala amautcha psychosis, omwe amachititsa munthu kumva mawu amene ena sakuwamva, kuona zinthu zimene palibe, kapena kukhulupirira ndi mtima wonse zinthu zimene sizoona. Tasankha atatu ochokera mumzinda wa Blantyre, ndipo mayina a olemba tawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO

Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala ku Ndirande. Mwana wanga wachiwiri, wa zaka 23, anali pa koleji ina mumzinda muno pamene anayamba kudwala chaka chatha. Ankati anzake akumuthirira mankhwala m'chakudya, ankayankhula yekha usiku wonse, mpaka tinapita naye ku Gulupu, kumene anatitumiza ku Mentolo, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba. Anagonekedwa milungu ingapo, ndipo atatuluka anapitiriza kumwa mankhwala. Panopa akuti mawu aja sakuwamvanso, moti anthu a kumpingo anabwera kudzathokoza Mulungu kuti wachira. Koma ine mtima suli m'malo. Amangokhala m'chipinda, nsima amangoilawa, ndipo sabata yatha anapatsa mng'ono wake mabuku ake onse ndi nsapato zake zabwino. Tsiku lina ndikumuikira madzi osamba anandiuza kuti, “Amayi, mwavutika nane mokwana, posachedwa mupuma.” Bambo ake akuti ndi ulesi chabe wobwera ndi mankhwala. Ndimafuna kumufunsa ngati akuganiza zodzipha, koma ndikuopa kuti ndingamuike maganizo amene analibe. Ndichite chiyani?

Mayi wodandaula, Ndirande

YANKHO

Mayi, mtima wanu sukukunamizani, ndipo choyamba chimene ndikukupemphani n'chakuti musadikire tsiku limene analemberedwa m'buku lake la kuchipatala. Mnyamata amene wangotuluka kumene m'matenda aakulu chonchi, wasiya kudya, wagawa katundu amene ankamukonda, kenaka n'kunena kuti posachedwa mupuma, waonetsa zizindikiro zokwanira kuti aonedwe ndi dokotala lero kapena mawa. Mupite naye ku Gulupu, kumene amaonera odwala matenda a maganizo, komwe ambiri amakudziwa kuti ku Room 6, ndipo zinthu zikavuta usiku, Loweruka kapena Lamlungu, mupite ku mbali ya odwala mwadzidzidzi ya chipatala chomwecho, imene imagwira ntchito usana ndi usiku. Mukafika musangonena kuti mwadzatenga mankhwala. Mufotokoze mawu enieni amene ananena, za mabuku ndi nsapato zija, za kadyedwe ndi kagonedwe kake, chifukwa ngati inu simuyankhula, iye akhoza kufunsidwa ngati akumvabe mawu, n'kuyankha kuti ayi, n'kubwerera kunyumba ndi mapiritsi a mwezi wina popanda amene wadziwa zimene zili mumtima mwake.

Anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amaganiza kuti nthawi yoopsa ndi imene wodwala akufuula, akuthawa pakhomo kapena akukangana ndi anthu osaoneka. Nthawi imeneyo ndi yoopsadi, koma pa nkhani ya kudzipha, miyezi yotsatira kuchira nayonso imadetsa nkhawa kwambiri, ndipo ndi imene mabanja amatayirira. Pamene mutu unali wosokonezeka, mwana wanu sankatha kuwerengera zimene zatayika. Tsopano nzeru zabwerera, ndipo akuona zonse: anzake a kukoleji apitirira ndi maphunziro, iye akukumbukira zimene ananena ndi kuchita pamaso pa anthu a m'dera, akudziwa ndalama zimene zinathera pa maulendo a ku Zomba, ndipo akamadutsa pamsika akumva, kapena akuganiza kuti akumva, anthu akunong'onezana kuti ndi uja anali ku Mentolo. Manyazi, chisoni ndi mantha akuti matendawo adzabweranso zikakumana mwa munthu mmodzi zimabala matenda achiwiri, a kukhumudwa kwakukulu, amene madokotala amawadziwa bwino kuti amatha kubwera pambuyo pa psychosis. Chomvetsa chisoni n'chakuti amene ankakhoza bwino m'kalasi, amene tsogolo lawo linkaoneka, ndiponso amene amamvetsa bwino za matenda awo, ndiwo amagwa kawirikawiri m'chisoni chimenechi, poti akudziwa kukula kwa chimene chawagwera. Ngakhale mwambo wothokoza umene anthu a kumpingo anachita ndi mtima wabwino ukhoza kukhala kuti unamutseka pakamwa, chifukwa munthu amene aliyense wamulengeza kuti wachira amasowa poyambira kunena kuti mkati mwake mukuwawabe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 720,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Pakati pa odwala schizophrenia, omwe ndi matenda odziwika kwambiri m'gulu la psychosis ndipo amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse, kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa 20 amamwalira podzipha. Imfa zimenezi zimachulukira m'zaka zoyambirira za matenda, mwa achinyamata makamaka aamuna, ndiponso m'milungu ndi miyezi yoyamba munthu akangotuluka m'chipatala. Mwana wanu akupezeka m'magulu amenewa. Sindikulemba izi kuti ndikuopsezeni, pakuti chiwerengero chomwecho chikusonyeza kuti 19 mwa 20 sathera pamenepo, ndipo kukhumudwa ndi matenda ochizika. Ndikulemba kuti mukhale ndi chowauza bambo ake.

Komabe bambo akewo sanalakwitse zonse, chifukwa pali zinthu zitatu zimene kunja zimaoneka mofanana. Mankhwala monga chlorpromazine amagonetsa ndi kulemeretsa thupi, pamene haloperidol ndi jakisoni wa fluphenazine amatha kuumitsa manja, khosi ndi nkhope moti munthu amaoneka ngati samva chimwemwe kapena chisoni. Matenda enieniwo nawonso amatha kuchotsa chidwi, munthu n'kumangokhala osafuna kusamba, kucheza kapena kugwira ntchito, koma mumtima mosawawa kwenikweni. Kukhumudwa kumasiyana ndi ziwirizi poti kumabwera ndi ululu: munthu amadziimba mlandu, amadziona kuti ndi mtolo kwa abale, tulo timamuthawa m'bandakucha, ndipo saona tsiku labwino kutsogolo. Mawu akuti “mwavutika nane mokwana” ndi a munthu amene waweruza kale kuti banja lingakhale bwino iye atachoka, ndipo mapiritsi paokha sayankhulitsa munthu motero. Kusiyanitsa zitatuzi ndi ntchito ya dokotala, chifukwa chithandizo chake n'chosiyana, china chimafuna kuchepetsa kapena kusintha mankhwala, china chimafuna kuwonjezera mankhwala a kukhumudwa monga fluoxetine pamodzi ndi uphungu. Koma palibe mwa zitatuzi chimene ndi ulesi, ndipo palibe chimene chimatha ndi kukalipira.

Tibwere ku funso lanu lenileni. Kufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizo amenewo. Nkhaniyi yafufuzidwa kambirimbiri, ndipo zimene zapezeka n'zakuti kufunsa sikuwonjezera chiopsezo, m'malo mwake wofunsidwayo nthawi zambiri amapepukidwa mumtima, popeza wakhala akusenza yekha chinthu chimene amaopa kuchitchula. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, ndipo tsoka la odwala matenda amenewa n'lakuti chilichonse chimene anena chimatengedwa kuti ndi matenda akuyankhula, ngakhale pamene akunena zoona zenizeni za mumtima mwawo.

Sankhani nthawi imene muli awiri, azing'ono ake kulibe ndipo wailesi yazimitsidwa. Khalani pansi pafupi naye, musaimirire pakhomo. Yambani ndi zimene mwaona, mwachitsanzo: “Mwana wanga, ndaona kuti sukudya, mabuku ako wapatsa mng'ono wako, ndipo unandiuza kuti posachedwa ndipuma. Kodi ukuganiza zodzipha?” Mutchule mawuwo momveka, musazungulire ndi mawu ngati akuti “zoipa” kapena “zopusa”, chifukwa mukazungulira nayenso azungulira. Musafunsenso mokhala ngati mwamuyankhira kale, monga kunena kuti “sungachite zimenezo eti?”, pakuti mwana wokonda mayi ake ayankha zimene mayiwo akufuna kumva. Akavomera, yesetsani kuugwira mtima: musalire mokuwa, musayambe kumuwerengera mavuto amene munaona pomulera, ndipo musamuopseze ndi chilango cha Mulungu. Mufunseni modekha kuti maganizowo anayamba liti, ngati wakonza kale njira ndi tsiku, ngati anayesapo kale, ndiponso ngati mawu aja anasiyadi kapena akungobisa poopa kubwezedwa ku Zomba. Funso lomalizali n'lofunika, chifukwa odwala ambiri amazindikira msanga kuti kunena kuti “ndili bwino” ndiko kumawatulutsa m'chipatala. Ngati wakonza njira, musamusiye yekha ngakhale kwa kanthawi mpaka ataonedwa ndi dokotala. Akakana koma inu n'kukhalabe osakhutira, mupite nayebe. Mudzachenjerenso ngati tsiku lina atadzuka wosangalala ndi wodekha popanda chimene chasintha pa moyo wake, chifukwa nthawi zina kudekha kotero kumabwera munthu akamanga mfundo mumtima.

Usiku womwe uno chotsani m'nyumba zimene angadzivulaze nazo. Mankhwala ophera makoswe, othira m'chimanga ndi a kudimba mukawasungitse kwa abale, ndipo mapiritsi ake pamodzi ndi a wina aliyense m'nyumbamo akhale m'manja mwanu, otsekeredwa, muzimupatsa a tsiku limenelo okha. Ena amaseka malangizo amenewa, amati wofuna kufa apeza njira ina, koma zimene zaoneka sizigwirizana ndi maganizo amenewo. Chilakolako chodzipha chimakwera mwamphamvu kwa kanthawi, nthawi zina mphindi zowerengeka chabe, kenaka chimatsika, ndipo ngati panthawi imeneyo chodzivulazira chili kutali, munthu amapulumuka. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri a kumunda, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi kuposa theka pakati pa 1995 ndi 2015, ndipo anthu sanangosamukira onse ku njira zina.

Ngozi ya masiku ano ikadutsa, padzatsala ntchito yaitali ya pakhomo. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, katswiri wa ku London, George Brown, ndi anzake anapeza kuti odwala schizophrenia amene amabwerera m'nyumba zodzadza ndi kudzudzula, chidani, kapena kuwadera nkhawa mopitirira muyeso, amadwalanso kawirikawiri kuposa amene amabwerera m'nyumba zodekha. Phunziro limeneli likukhudza nonse awiri, bambo amene akuti ndi ulesi, ndi inu amene mwina mukumuchitira chilichonse mpaka kumuikira madzi osamba. Munthu amene akudziona kuti ndi mtolo sachira ndi kutumikiridwa kokha, amafunika kuona kuti pakhomo pali china chimene chikudikira manja ake. Mutumeni zing'onozing'ono zimene angathe, apite nanu kumsika, aphunzitse mng'ono wake masamu ndi mabuku omwe aja. Ngati pali mnzake mmodzi wa kukoleji wokhulupirika, kapena amalume ake amene amamasuka nawo, muwapemphe azibwera pafupipafupi osati kudzamulangiza koma kudzacheza naye. Mukafunsenso kukoleji ngati malo ake angasungidwe, pakuti ambiri amene anadwalapo matendawa amabwerera kusukulu ndi kuntchito, ndipo kudziwa kuti khomo silinatsekeke n'kofunika kwa iye kuposa mawu achilimbikitso. Musamulonjeze kuti zonse zikhala ngati kale, chifukwa azindikira kuti mukungomutonthoza. Chamba ndi mowa azitalikire, poti ziwirizi zimadzutsa matenda ndipo zimachotsa kudziletsa pa nthawi imene kukufunika kwambiri.

FUNSO

Alangizi, ndine bambo wa zaka 31, ndimakhala ku Zingwangwa ndipo ndimakonza mafoni ku Limbe. Ndakhala ndikulandira jakisoni wa mwezi ndi mwezi kwa zaka zingapo. Mawu amene ndimamva anachepa koma sanathe, ndipo miyezi yapitayi ayamba kundiuza kuti ndine wachabechabe ndipo ndidziphe, apo ayi ana anga aona zoopsa. Mpaka pano ndakhala ndikukana. Atandikwezera mlingo wa jakisoni, miyendo yanga sikhazikika, sindingathe kukhala pa benchi yanga ya ntchito ngakhale pang'ono, ndipo usiku ndimangozungulira panja. Ndikuganiza zosiya jakisoniyo. Akazi anga sindinawauze poopa kuti andithawa, ndipo adokotala sindinawauze za mawuwo poopa kuti anditsekera. Kodi ndapenga kotheratu?

Bambo wa ku Zingwangwa

YANKHO

Achimwene, simunapenge kotheratu, ndipo kalata yanu yokha, momwe mwailongosolera, ikuchitira umboni. Mwatchula mavuto awiri osiyana, onse ali ndi chithandizo, koma akakhala pamodzi amaika moyo pa chiswe, choncho mupite kuchipatala lero lomwe musadikire tsiku la jakisoni.

Kusakhazikika kwa miyendoko madokotala amakutcha akathisia, ndipo kumabwera kawirikawiri ndi mankhwala monga haloperidol ndi fluphenazine, makamaka mlingo ukangokwezedwa. Woona ndi maso chabe akhoza kuganiza kuti matenda akukula n'kuwonjezeranso mankhwala omwe abweretsa vutolo, choncho mukafotokoze monga mwandifotokozera ine, kuti kunayamba jakisoni atakwezedwa, kuti kumamveka m'miyendo, ndiponso kuti simungathe kukhala pansi. Dokotala akhoza kuchepetsa mlingo, kukusinthirani ku mankhwala ena monga olanzapine, kapena kukuwonjezerani ochepetsa vutoli monga propranolol. Si vuto loti mungolipirira mwachimuna, chifukwa likakula limafikitsa munthu pofuna kuthawa thupi lake lomwe, ndipo limawonjezera chiopsezo cha kudzipha. Koma kusiya nokha jakisoni sikungakuthandizeni monga mukuganizira. Mankhwala a jakisoni wa mwezi amakhala m'thupi kwa milungu yambiri, choncho miyendo siikhala pansi mawa, ndipo pamene mankhwalawo azidzatha m'thupi ndi pamene mawu aja azidzakwera, inu muli kale kutali ndi chipatala.

Mawuwo mumawamvadi, sindikukutsutsani, ndipo zipangizo zounikira ubongo zasonyeza kuti munthu akamamva mawu otere, mbali za ubongo zokhudza kumva ndi kuyankhula zimakhala zikugwiradi ntchito. Koma kumveka kwawo sikuwapatsa ulamuliro pa inu kapena pa ana anu. Chimene chimachititsa munthu kuwamvera kwenikweni ndi chikhulupiriro chakuti ali ndi mphamvu yolanga akapanda kumveredwa. Kafukufuku wa ku UK amene anatsogozedwa ndi Max Birchwood, wofalitsidwa mu 2014, anasonyeza kuti odwala akathandizidwa ndi uphungu kuunika ndi kukayikira mphamvu imeneyi, chiwerengero cha omvera malamulo oopsa a mawuwo chimatsika kwambiri, ngakhale mawuwo atapitiriza kumveka. Umboni woyamba muli nawo kale inuyo: kwa miyezi mwakhala mukukana, ndipo ana anu akudzuka, akupita kusukulu, akubwera. Chimene chingawagwetse m'mavuto enieni ndi kutaya bambo awo. Muziyesanso kuona nthawi imene mawuwo amakula, poti kwa ambiri amakula akakhala okha, akasowa tulo kapena akakhala ndi nkhawa ya ndalama, ndipo amachepa akamacheza ndi munthu, akamaimba, akamawerenga mokweza kapena akamamvera wailesi m'makutu. Izi sizichiza, koma zimathandiza kudutsa usiku wovuta.

Ngati mwamwapo mitundu iwiri ya mankhwala mokwanira koma mawu osatha, mufunse adokotala za clozapine. Mankhwala amenewa amathandiza ena amene mankhwala ena alephera, ndipo mu 2002 dziko la America linawavomereza makamaka pochepetsa kudzipha pakati pa odwala schizophrenia. Amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi chifukwa amatha kuchepetsa asilikali a m'thupi, choncho sapatsidwa kwa aliyense ndiponso sapezeka paliponse, koma kufunsa ndi ufulu wanu.

Za kutsekeredwa, ndikuuzani zoona. Si aliyense wonena kuti akumva mawu otere amene amagonekedwa, ambiri amathandizidwa akuchokera kunyumba, makamaka ngati pali wachibale wodziwa amene angawayang'anire. Ngati adokotala ataona kuti moyo wanu uli pangozi yaikulu akhoza kukupemphani kuti mugonekedwe kwa kanthawi, ndipo zikatero cholinga chimakhala kukonza mankhwala pamalo otetezeka. Onani kuti kubisira akazi anu ndiko kukukulitsa mwayi woti mugonekedwe, pakuti dokotala sangakhale ndi mtima wokubwezani kunyumba kumene palibe akudziwa. Mayiwo akukuonani kale mukuzungulira panja usiku, ndipo zimene akuganiza paokha mwina n'zoipa kuposa zoonazo. Mupite nawo limodzi kuchipatala kuti amve kuchokera kwa anamwino, ndipo mukafunseko za bungwe la MeHUCA, lomwe limasonkhanitsa odwala matenda a maganizo ndi owasamalira m'dziko muno.

Muli kumeneko, mulembe pamodzi ndi anamwino ndondomeko yodzitetezera, njira imene akatswiri Barbara Stanley ndi Gregory Brown anaifalitsa mu 2012. Ndi pepala limodzi chabe, lolembedwa m'mawu anu pamene mutu uli bwino: zizindikiro zimene zimakuchenjezani kuti zinthu zayamba kuvuta, zimene mungachite nokha kuti mtima utsike, malo ndi anthu amene mungapite kukakhala nawo, anthu awiri kapena atatu amene mungawaimbire ngakhale pakati pa usiku, chipatala chimene mungathamangire, ndi zinthu zimene akazi anu ayenera kuchotsa m'nyumba. Pepalalo likhale m'buku lanu la kuchipatala, ndipo poti mafoni ndiwo ntchito yanu, mulijambulenso kuti muziyenda nalo.

FUNSO

Ndine mmodzi wa amayi a Mvano ku Chilomoni. Mtsikana wina wa mumpingo mwathu anabereka mwana wake woyamba masiku apitawa, kenaka anasiya kugona, anayamba kunena kuti mwanayo si wake ndipo kuti iye ndi wochimwa wosayenera kukhala ndi moyo. Anayesa kudzivulaza koma anamupeza msanga. Abale ake abisa nkhaniyi poopa apolisi, ndipo akufuna kupita naye kumapemphero osala kudya. Ife monga amayi tingathandize bwanji?

Mayi wa Mvano, Chilomoni

YANKHO

Mayi, zimene mwafotokozazi zikufanana ndi psychosis yobwera mayi akangobereka, imene imagwira amayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000 alionse obereka, ndipo kawirikawiri imayamba m'milungu iwiri yoyambirira. Ndi matenda a mwadzidzidzi mofanana ndi kutaya magazi kapena kukomoka pobereka, amasintha m'maola ochepa, ndipo amaika pangozi mayi ndi mwana yemwe. Mtsikanayo apite ku Gulupu lero, ndipo kufikira atafika kumeneko asasiyidwe yekha, komanso asasiyidwe awiri ndi khandalo popanda munthu wamkulu pafupi. Kuchipatala adzamuyezanso thupi, chifukwa malungo aakulu ndi matenda ena obwera pambuyo pobereka amathanso kusokoneza mutu.

Mantha a abale ake ali ndi pochokera, popeza malamulo a milandu amene dziko lino linatengera kwa atsamunda anatenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo akatswiri a zaumoyo akhala akulimbikitsa kwa zaka zambiri kuti zimenezi zisinthe, poona kuti zimabisitsa odwala. Koma ntchito ya anamwino ndi madokotala ndi kuchiza, ndipo ayenera kuuzidwa kuti anayesa kudzivulaza, chifukwa pa zizindikiro zonse zochenjeza kuti munthu angadziphe, champhamvu kwambiri ndi chakuti anayesapo kale. Abale akabisa mbali imeneyi, dokotala apanga chiganizo chake ndi theka la nkhani.

Mapemphero sindikuwatsutsa, ndipo inu amayi a Mvano mukhoza kupemphera naye pabedi la chipatala. Chimene ndikutsutsa ndi kusalitsa kudya ndi kuchezetsa usiku mayi woyamwitsa amene sakugona kale, pakuti kusowa tulo ndi chimodzi mwa zimene zimakulitsa matendawa, ndiponso kuuza munthu amene akudziona kuti ndi wochimwa wosayenera moyo kuti ali ndi chiwanda kumangotsimikizira zimene matenda akumunamiza. Kumumanga ndi zingwe kapena kumutsekera m'chipinda nakonso musalole. Thandizo limene banjalo likufuna kwa inu ndi looneka ndi maso: mayi mmodzi wolemekezeka amene abalewo angamumvere apite akawalankhule ndi kuwaperekeza kuchipatala, ena asinthane pa ugadiyani, pa kuphika ndi pa kusamala khanda usiku kuti mayiyo azigona, ndipo nonse musunge pakamwa kuti nkhaniyi isafalikire mumpingo.

Amayi ambiri odwala matendawa amachira bwinobwino ndi mankhwala n'kulera ana awo, ndipo za kuyamwitsa adokotala adzaona mankhwala oyenera, choncho asachotse mwana kubere paokha. Akachira apitirize kuonedwa kwa miyezi ingapo, chifukwa kukhumudwa kumatha kutsatira akayamba kukumbukira zimene ananena za mwana wake. Matendawa amathanso kubweranso pa uchembere wotsatira, choncho akadzakhalanso woyembekezera adzanene za matendawa pa tsiku loyamba la sikelo, kuti anamwino alembe m'buku lake ndi kukonzekeratu mwana asanabadwe.